A Nkoloso ndi Bwalo Lomwe Anawakaniza

Anzanga, musanathamangire kwa amayi a zitumbuwa, taimani kaye pa bolodi pano. Ndikudziwa kuti ambiri a kalabu ya sayansi mudakali okwiya ndi za Lachitatu lapitali, pomwe ahedi anatikaniza kuulutsa roketi yathu ya botolo pabwalo la mpira nthawi ya buleki. Nanenso zinandiwawa, sindinama. Milungu itatu tikumata zipsepse za katoni pabotolo lija, kenako n'kungouzidwa kuti ayi. Koma chandilembetsa n'china. Ndamva manong'onong'o akuti anyamata ena akufuna kukayesa mobisa kuseri kwa zimbudzi, ndiye poti pampu inatsekeredwa mu ofesi, akuti agwiritsa ntchito machesi m'malo mwa madzi ndi mpweya.

Tsiku lomwe tinakanizidwalo ndinapita kukadandaula kwa aphunzitsi athu a Fizikisi. Iwo anangoseka, n'kundilembera dzina pakapepala: Edward Mukuka Nkoloso. Anandiuza kuti ndikafufuze za bambo ameneyu, poti naye anakanizidwapo bwalo, lalikulu kuposa lathuli. Loweruka ndinabwereka foni ya achimwene, n'kugula bandulo pa Nsaru, ndipo zomwe ndinapeza ndi izi.

A Nkoloso anabadwa mu 1919 kumpoto kwa dziko lomwe lero timati Zambia, nthawi imeneyo likutchedwa Northern Rhodesia. Ndi aneba athu enieni. Mukakwera galimoto pa Namitete kulowera ku Mchinji, n'kudutsa pa Mwami kufika ku Chipata, mwalowa kale m'dziko lawo, ngakhale kuti Lusaka, komwe kunachitikira nkhani yathuyi, ndi ulendo winanso wautali kuchokera pamenepo.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itabuka, anatengedwa usilikali m'gulu la Northern Rhodesia Regiment, monga momwe azigogo athu ena kuno anatengedwera ku KAR. Anafika paudindo wa sajeni m'chigawo cha asilikali otumiza ndi kulandira mauthenga, komwe ntchito yake ndi ya mawaya ndi mawailesi. Nkhondo itatha anagwirapo ntchito yomasulira zilankhulo m'boma la atsamunda, anakhalanso mphunzitsi. Anatsegula sukulu yawoyawo, koma akuti boma la Angerezi linaitseka. Apa m'pomwe analowa ndi mtima wonse m'gulu lomenyera ufulu. Kumbukirani za m'kalasi ya Histole: kuyambira 1953 dziko lawo ndi lathu anazimanga pamodzi ndi Southern Rhodesia m'chitaganya chija anthu akuda ankachikana. A Nkoloso anamangidwa n'kuikidwa m'ndende mu 1956 komanso mu 1957. Pambuyo pake anakhala mmodzi wa oyang'anira chitetezo m'chipani cha UNIP cha a Kenneth Kaunda.

Zimenezi ndayamba nazo dala. Zomwe zikubwerazi zikusekesani, ndiye ndikufuna museke mukudziwa kuti sitikukamba za munthu wongobwebweta pamsika. Anali msilikali, mphunzitsi, ndi munthu woti anagonapo m'ndende chifukwa cha dziko lake.

M'chaka cha 1957 chomwecho, dziko la Soviet Union linaulutsa Sputnik, kachipangizo koyamba kopangidwa ndi munthu kozungulira dziko lapansi. Mpikisano unayambika pakati pa iwo ndi Amerika woti afike ndani kumwezi. Mu 1960 a Nkoloso anakhazikitsa bungwe lawo lotchedwa Zambia National Academy of Science, Space Research and Philosophy. Taonani, Zambia anali asanalandire n'komwe ufulu, ndipo Yuri Gagarin, munthu woyamba kupita mumlengalenga, anadzauluka chaka chotsatira, mu 1961. Cholinga cha a Nkoloso chinali chakuti Zambia apitirire mayiko awiri akuluakuluwo pofika kumwezi, mtunda wa makilomita pafupifupi 384,000, kenako apitirire mpaka ku Mars.

Anapeza famu ina yosiyidwa, makilomita ngati 11 kuchokera mu Lusaka, n'kusonkhanitsa achinyamata 12 oti awaphunzitse. Anawapatsa dzina loti Afronauts, kutanthauza Aafirika oyenda mumlengalenga. Maphunziro ake ndi omwe anatchuka. Wophunzira ankalowa mumgolo wa malita 200, ngati yomwe timasungira madzi pomanga nyumba ija, anzake n'kumugubuduza kutsetsereka pachitunda cha mabampu. Ankawakwezanso pa katungwe kuti alawe mmene thupi limamvera likakhala ngati lilibe kulemera, ndiponso ankawaphunzitsa kuyenda ndi manja, miyendo ili m'mwamba. Eni akewo ankatsogolera atavala chipewa chachitsulo cha asilikali ndi chinsalu chakumsana. Atolankhani akunja omwe anabwera ku Lusaka mu 1964 anajambula zonsezi, ndipo anthu a ku Ulaya ndi ku Amerika anaseka ndithu.

Inenso nditaona kanema wake pa foni ndinaseka mpaka achimwene anabwera kudzasuzumira. Koma nditaganiza bwino ndinaona kuti funso lomwe a Nkoloso ankafunsa linali loona: kodi munthu wogwedezeka ndi kuzunguzika m'chombo angathe kukhalabe ndi nzeru zake? Aku Amerika ndi aku Russia ankafunsanso zomwezo, kungoti iwo ankazungulitsa anthu awo m'makina odula komanso kuwakweza ndege zotsika mwadzidzidzi. A Nkoloso chomwe anali nacho ndi mgolo basi. Komabe ndinene poyera, aise iwe wa Fomu 1 amene wayamba kale kuyang'ana mgolo wa kukhitchini: kugubuduzika sikuchotsa kulemera kwa munthu, kumangothyola khosi.

Chombo chawo anachitcha D-Kalu 1. M'makutu mwanga dzinali limamveka ngati kalulu wa m'nthano. Chinali chooneka ngati mgolo waukulu, mamita ngati atatu m'litali ndi awiri m'lifupi, chopangidwa ndi aluminiyamu ndi kopa. Paulendo wa ku Mars anakonza zoti mukwere mtsikana wina wachichepere wa m'gulu lija, amphaka awiri, ndi mmishonale mmodzi. M'nkhani yomwe analemba m'nyuzipepala anafotokoza kuti mmishonaleyo anamuchenjeza kuti asakakakamize anthu a ku Mars kulowa Chikhristu ngati sakufuna. Apa ena amati mkuluyu ankanyogodola atsamunda mochenjera, kuwaonetsa pagalasi zomwe iwo anachita atafika kuno. Anapemphanso bungwe la UNESCO ndalama zokwana mapaundi 7 miliyoni. Ndalamazo sizinabwere, ndipo boma la Zambia linanena kuti pempholo silinali la boma.

Tsopano tafika pomwe aphunzitsi ankafuna ndifike. Ife tinalandira ufulu pa 6 July 1964, anzathu a ku Zambia pa 24 October chaka chomwecho. A Nkoloso anafuna kuti chombo chawo chiuluke tsiku la ufulu lenilenilo, kuchokera m'bwalo la Independence mu Lusaka, pamaso pa alendo ndi khamu lonse. Komiti yokonza mwambowo inakana. Malinga ndi mmene iwo eni anafotokozera, akomitiwo ankaopa kuti anthu achita mantha, ndipo a Nkoloso ankaganiza kuti chinawadetsa nkhawa ndi fumbi ndi phokoso. Anadandaula, analemba m'nyuzipepala, koma chombo sichinalowe m'bwalomo.

Poyamba ndinali mbali yawo. Ndinati akuluakulu ndi choncho kulikonse, kaya ku Lusaka kaya kuno, ntchito kupondereza maloto a anthu. Kenako ndinatenga cholembera n'kuwerengetsa. Kuti chinthu chithawiretu mphamvu ya dziko yokokera pansi, chimafunika liwiro la makilomita 11 pa sekondi imodzi. Ndiko kuti kuchoka mu Lilongwe kukafika ku Mchinji m'masekondi ngati khumi. Ndiye panali zotheka ziwiri zokha. Ngati D-Kalu 1 inalibe mphamvu zotere, ikanangodumpha pang'ono n'kugwa, ndipo chitsulo cha mamita atatu chikamagwa m'bwalo lodzaza chimagwera pamitu ya anthu. Ngati inali nazo mphamvuzo, moto wake ukanapsereza onse okhala pafupi. Kaya zitheke kaya zikanike, bwalo lodzaza anthu silinali malo ake. Akomiti aja anaganiza bwino, ngakhale mwina sankadziwa Fizikisi ngati a Nkoloso.

Pali chinthu china chomwe ndinachipeza chimene chinandiimitsa tsitsi. Pa 24 October 1960, zaka zinayi ndendende lisanafike tsiku lomwe a Nkoloso anasankha, ku Baikonur m'dziko la Soviet Union kunachitika ngozi yoopsa. Akatswiri ankakonza roketi ya nkhondo yotchedwa R-16 ili yodzaza kale ndi mafuta. Mkulu wa asilikali, Mitrofan Nedelin, ankafulumizitsa ntchito, ndipo iye ndi anthu ambiri anali pafupi ndi roketiyo m'malo mokhala kutali. Injini ina inayaka isanakwane nthawi yake, chonsecho n'kusanduka moto. Anafa anthu oposa 50, Nedelin yemwe. Boma lawo linabisa nkhaniyi n'kulengeza kuti mkuluyo wafa pangozi ya ndege, ndipo zoona zake zinadzaululika mu 1989. Awa anali akatswiri omwe dziko lawo linali litaulutsa kale Sputnik. Chinawapha si umbuli. Anapupuluma, ndipo anaima pafupi.

N'chifukwa chake mayiko onse amene amaulutsa maroketi amayamba ndi kufuna malo. Aku Amerika anasankha Cape Canaveral m'mphepete mwa nyanja ya Atlantic, kuti chikalakwika zidutswa zigwere m'madzi. Baikonur ili pakati pa chipululu cha Kazakhstan. Aku Ulaya amakaulutsira ku Kourou, ku South America, m'mbali mwa nyanjanso. Ngakhale muno mu Africa, anthu a ku Italy anamanga nsanja yawo panyanja kufupi ndi Malindi ku Kenya, ndipo pa 12 December 1970 anaulutsirapo chipangizo chofufuzira nyenyezi chomwe anachitcha Uhuru, poti linali tsiku lokumbukira ufulu wa Kenya. Mwaona? Maloto a a Nkoloso oulutsa chombo kuchokera mu Africa patsiku la ufulu anatheka ndithu, koma panyanja, kutali ndi khamu.

Ngakhale Robert Goddard, amene anaulutsa roketi yoyamba ya mafuta amadzimadzi mu 1926, anakumana nazo. Anayesera pamunda wa wachibale wake ku Massachusetts, ndipo roketiyo inangouluka masekondi awiri ndi theka n'kugwera m'munda wa kabichi. Mu 1929 ina inachita phokoso ndi moto mpaka aneba anaitana apolisi, akuluakulu ozimitsa moto n'kumuletsa kuyeseranso pamenepo. Sanakayesere kuseri kwa nyumba usiku. Anasamukira ku Roswell, m'chipululu cha New Mexico, n'kupitiriza ntchito yake kumeneko.

Tibwerere kwa a Nkoloso. Sukulu yawo ya Afronauts inatha pang'onopang'ono. Ndalama kunalibe, mtsikana uja anatenga pathupi makolo ake n'kumutenga, anyamata ena anabalalika. Mu July 1969 aku Amerika ndiwo anaponda pamwezi. Koma moyo wa a Nkoloso sunathere pamenepo, ndipo mbali imeneyi anthu oseka aja saitchula. Anapikisana nawo pa mpando wa meya wa Lusaka, sanapambane. A Kaunda anawaika kukhala nthumwi yawo ku Liberation Centre, malo a mu Lusaka omwe ankathandiza omenyera ufulu ochokera m'mayiko monga Mozambique, Angola, Rhodesia ndi South Africa. Anapuma ntchito mu 1972. Ndiye tamvani izi, inu amene mumati kubwereza Fomu 4 n'kochititsa manyazi: mkuluyu anabwerera kusukulu, ndipo mu 1983, ali ndi zaka pafupifupi 64, analandira digiri ya zamalamulo ku University of Zambia. Anamwalira pa 4 March 1989, ndipo boma linawaika m'manda mwaulemu waukulu.

Lero dzina lawo ladzukanso. Wojambula zithunzi wa ku Spain, Cristina de Middel, anatulutsa buku la zithunzi lotchedwa The Afronauts mu 2012. Mlembi wa ku Zambia, Namwali Serpell, anafufuza za moyo wawo n'kuwaikanso m'buku lake la The Old Drift la mu 2019. Mpaka pano anthu amatsutsana ngati a Nkoloso ankakhulupiriradi kuti afika ku Mars, kapena ankasewera ndi atolankhani achizungu omwe ankaganiza kuti akusewera ndi iwo. Ine ndimaona kuti zonse ziwiri zikhoza kukhala mwa munthu mmodzi. Chimene chilipo n'choti tikutha kuwakumbukira tikumwetulira chifukwa m'bwalo muja simunagwe chitsulo. Akanachita makani n'kuvulaza ngakhale mwana mmodzi patsiku la ufulu, bwenzi dzina lawo likutchulidwa mwa mtundu wina.

Za machesi zija ndili ndi chifukwa changa chozidera. Ndili Sitandade 7, ine ndi msuweni wanga tinapanga kathu koti kaphulike n'kuuluka, ka machesi ndi kachitsulo ka njinga. Unali mwezi wa October, udzu uli gwaa. Tinakabisala kuseri kwa chigafa cha fodya cha amalume kuti akuluakulu asatione. Sikanauluke. Kanaphulikira m'manja mwa msuweni wangayo, moto n'kugwira udzu. Amayi ena omwe ankachokera kumjigo ndiwo anauzimitsa ndi madzi a m'ndowa zawo usanafike padenga la chigafa. Mnzangayo chala chake chimodzi sichipindika mpaka lero, ndipo cholembera amagwira movutikira. Chomwe chinatipweteka kwambiri ndi kubisala kuja, chifukwa malo obisika nthawi zonse amakhala opanikizika, oyandikana ndi udzu ndi nyumba, ndiponso kopanda wamkulu woti n'kukuuza kuti taima.

Ndiye tiyeni tiliyang'ane bwalo lathuli ndi maso a akomiti a ku Lusaka aja. Nthawi ya buleki pamakhala pafupifupi sukulu yonse. Ana a ku pulayimale amadutsa pomwepo. Mbali ina kuli mawaya a magetsi, mbali ina mawindo a nyumba za aphunzitsi. Roketi ya botolo ilibe moto, inde. Imauluka chifukwa mpweya wopopedwa umakankha madzi kutulukira pansi, madziwo n'kukankha botolo kupita m'mwamba, lamulo lachitatu la Newton lija tinalemba pamayeso. Koma imachoka ndi liwiro loti ikakupeza m'diso, diso lapita. Ikapendekeka pang'ono imalowera cham'mbali, ndipo pobwera imatsika chamutu. Ahedi sanakane sayansi. Anakana malo ndi nthawi.

Lolemba ndinabwerera kwa aphunzitsi a Fizikisi ndi zomwe ndinapezazi, ndipo tagwirizana zoti tipemphenso, koma mwadongosolo. Malo omwe tikuganiza ndi kudambo kuja, poti anthu anakolola kale ndipo n'kutali ndi nyumba, msewu ndi mawaya. Dambo lili ndi eni ake, choncho tilemba kalata kwa anyakwawa kudzera kwa ahedi, ndipo sitiyang'anitsa roketi mbali ya kumanda, nonse mukudziwa kuti kumeneko sikuseweredwa. Tigwiritsa ntchito madzi ndi mpweya basi, m'botolo la pulasitiki la zakumwa za gasi lopanda ming'alu. Galasi ayi, chitsulo kunsonga ayi, moto ayi. Pampu tiilumikiza ndi paipi yaitali kuti wopopa akhale patali, ndipo ena tonse tiima kuseri kwa mzere womwe aphunzitsi ajambule. Anthu awiri ntchito yawo ikhala kuyang'ana abusa a ng'ombe ndi ana odutsa. Kukakhala mphepo yambiri, tiimika n'kudikira tsiku lina. Tiwerenga mokweza tisanaulutse kuti aliyense adziwe. Ikakana kuuluka, palibe wothamangira kukaisuzumira, aphunzitsi ndiwo ayambe atulutsa mpweya. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kwa anzanga a kuseri kwa zimbudzi, sindikutchulani maina, ndipo sindinakaneneze aliyense. Ndikungokupemphani kuti machesiwo mubweze kukhitchini kwa amayi, mubwere tidzapangire limodzi chinthu choti chiulukedi anthu akuona. Ena mwa inu ndinu amene muli ndi manja aluso kuposa tonse m'kalabu muno, ndipo zala zanuzo tikuzifuna zonse khumi.

Tikumana Lachisanu tikaweruka, m'kalasi ya Fomu 3, kuti tilembe kalata ija. Amene ali ndi paipi yaitali ya pampu kapena botolo la malita awiri abwere nazo. Ine ndapereka ganizo loti roketi yathu tiitche D-Kalu 2. Amene ali ndi dzina loposa limeneli adzalinene komweko, tidzavota.